Kodi Mwana Wanu Amayankhuladi Chingerezi? Mafunso ndi Mayankho kwa Makolo ndi Aphunzitsi a ku Lirangwe

Lirangwe ali m'mbali mwa msewu wa M1, ukadutsa Lunzu ndi Matindi polowera ku Zalewa. Ku Blantyre m'tauni si kutali, ndipo bwalo la ndege la Chileka lili m'boma lomweli, komabe mwana wa kuno akhoza kutha sabata yathunthu osamvako anthu akucheza m'Chingerezi. Pamsika, kuchigayo, pamjigo ndi pabwalo la mpira, nkhani zimakambidwa m'Chichewa, kwina m'Chiyao. Chingerezi amachipeza m'kalasi, ndipo akaweruka amachisiya komweko. Koma chiyankhulo chomwechi n'chimene chikumudikira pa mayeso a Sitandade 8, ku sekondale ndi pofunsira ntchito. Choncho kudziwa pamene mwana wafika pochiyankhula si nkhani ya akatswiri okha. Nawa mafunso amene makolo ndi aphunzitsi amakhala nawo, ndi mayankho ake.

Mwana wanga amakhoza Chingerezi teremu iliyonse. Kumuyesanso pakamwa n'kwa chiyani?

Malikisi amene mumaona pa lipoti amachokera kwambiri ku mayeso olemba: kudzaza mawu m'mipata, kusankha yankho pakati pa A, B, C ndi D, kuwerenga ndime n'kuyankha mafunso ake. Zimenezi n'zofunika, koma kuyankhula kumafuna luso lina. Wolemba amakhala ndi mpata woganiza, wofufuta ndi woyambiranso. Woyankhula ayenera kumva funso, kulimvetsa, kusaka mawu, kuwasanja ndi kuwatulutsa, zonsezi wofunsayo ali tcheru kudikira. N'chifukwa chake mumapeza mwana wodziwa bwino kuti "go" amasanduka "went" pokamba za kale, koma mukamufunsa m'Chingerezi kumene anapita dzulo amangoti duu.

Palinso ana a mtundu wina, makamaka amene anakhalako m'tauni kapena okonda wailesi, omwe amayankhula momasuka koma kulemba kumawavuta. Pepala limawaponya m'gulu la olephera, chonsecho ali ndi maziko amene mphunzitsi akanamangapo. Silabasi ya ku pulayimale imatchula kumva ndi kuyankhula pamodzi ndi kuwerenga ndi kulemba. Tikamayesa ziwiri zomalizazi zokha, theka la zimene tinalonjeza kuphunzitsa limayenda mumdima.

Kodi MANEB siyesa kuyankhula?

Bungwe loyendetsa mayeso la MANEB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba, limayesa Chingerezi papepala, kuyambira pa PSLCE ya Sitandade 8, JCE ya Fomu 2 mpaka MSCE ya Fomu 4. Palibe pamene wophunzira amakhala pamaso pa woyesa kuti acheze naye m'Chingerezi. Chifukwa chake n'chomveka. Ana olemba PSLCE amapitirira 200,000 chaka chilichonse, ndipo kuti aliyense amvedwe payekha pangafunike oyesa ambirimbiri, ndalama ndi nthawi.

Vuto ndi lakuti chimene sichibwera pa mayeso chimafota m'kalasi. Mphunzitsi wa Sitandade 8 amadziwa kuti mudzi wonse udzamuweruza ndi chiwerengero cha ana osankhidwa kupita ku sekondale, ndiye nthawi yake amaithera pa mapepala a mayeso akale. Umenewu si ulesi. Akungotsata kumene mphotho ili.

Mpata umenewu unayenera kutsekedwa ndi kuunika kwa m'kalasi kwa tsiku ndi tsiku. Mu 2002 njirayi inayesedwa m'sukulu zina za ku Ntcheu, kumene mwana ankakwera kuchoka pa mtundu wina wa utawaleza kupita pa wina malinga ndi zimene watha kuchita. Kenako silabasi ya PCAR, yokonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2007, inaika kuunika kotereku m'manja mwa mphunzitsi aliyense. Choncho chilolezo choyesa kuyankhula chilipo kale. Chosowa ndi njira yoti itheke m'kalasi yodzaza.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi imakula kwambiri pa Sitandade 4 ndi 5?

Chifukwa pamenepo ndi pamene Chingerezi chimasiya kukhala phunziro limodzi n'kukhala njira yophunzirira maphunziro ena onse. Kuyambira pamene msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unakweza Chichewa mu 1968, ana akhala akuphunzira m'Chichewa mu Sitandade 1 mpaka 4. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti makalasi amenewa aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha m'deralo. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi patsogolo, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti chiyambire mu Sitandade 1. Koma m'sukulu za boma za kumudzi, kusintha kwenikweni kumachitikabe mu Sitandade 5. Mwana amene mu July ankamva za nthaka ndi mbewu m'Chichewa, mu September amazimva m'Chingerezi.

Jim Cummins, katswiri wa pa yunivesite ya Toronto ku Canada, anasiyanitsa mu 1979 Chingerezi chochezera ndi Chingerezi chophunzirira. Poona ana obwera ku Canada kuchokera m'mayiko ena, anapeza kuti chochezera chimagwira m'zaka ziwiri, pamene chophunzirira chimatenga zaka 5 mpaka 7. Ndipotu ana amenewo ankamva Chingerezi m'basi, m'sitolo ndi pamasewera. Wa ku Lirangwe amachimva kwa mphindi zowerengeka patsiku. Ngati sitidziwa pamene wafika asanachoke mu Sitandade 4, tidzadabwa akamalephera sayansi mu Sitandade 6, n'kumati alibe mutu, pamene chimene chamutsekera khomo ndi chiyankhulo.

Koma ana anga akamayankha, kalasi yonse imachita kugwedezeka. Umenewo si umboni?

Ndi umboni woti ana akumva kayendedwe ka mawu ndipo akutha kutsanzira. Mphunzitsi akati "This is a cup. What is this?" ana onse n'kuyankha "This is a cup", oyankhadi amakhala owerengeka a kutsogolo. Enawo amalowa pang'ono mochedwa, kukwera pamsana pa anzawo, ndipo a kumbuyo kwenikweni amangogwedeza milomo. Keith Chick, amene anafufuza makalasi a ku KwaZulu ku South Africa, analemba mu 1996 kuti kuyankhira pamodzi kotere kumatchinjiriza onse awiri: mwana sachita manyazi, mphunzitsi naye saoneka wolephera, koma kuphunzira kumakhala kochepa.

Kuyankhira pamodzi kuli ndi malo ake. Ndondomeko ya kuwerenga ya National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016, imaphunzitsa mwa masitepe atatu: mphunzitsi achite yekha ana akuona, kenako achitire limodzi, pomaliza ana achite okha. Sitepe yachitatuyi ndi imene imadumphidwa belu likayandikira, chonsecho ndi yokhayo imene ingaonetse ngati mwana wagwira.

Chenjeraninso ndi zoloweza. Mwana wolakatula ndakatulo ya Chingerezi patsiku lotsekera sukulu amasangalatsa makolo, ndipo ayamikiridwe ndithu. Koma kuti mudziwe ngati amayankhula, mufunseni funso limene sanalikonzekere.

Ndiye mphunzitsi azimvetsera chiyani kwenikweni mwana akamayankhula?

Zinthu zisanu. Aphunzitsi a ku California ku America ali ndi pepala lounikira lotchedwa SOLOM, limene limagawa kuyankhula m'zigawo zisanu zomwezi n'kupereka malikisi 1 mpaka 5 pa chigawo chilichonse. Sizifuna makina, ndipo zingagwire ntchito ngakhale pansi pa mtengo.

Choyamba ndi kumva. Kodi mwana wamvetsa funso ulendo woyamba, kapena mpaka libwerezedwe pang'onopang'ono, kapena mpaka mphunzitsi aloze ndi chala? Chachiwiri ndi kuyenda kwa mawu. Kodi akulumikiza ziganizo, kapena akutulutsa liwu limodzilimodzi ndi kuima nthawi yaitali? Chachitatu ndi kuchuluka kwa mawu amene ali nawo. Kodi chilichonse ndi "good" ndi "bad", kapena akutha kusankha liwu loyenera? Liwu likamusowa, akutha kuzungulira kuti amvekebe? Chachinayi ndi katchulidwe. Chachisanu ndi kasanjidwe ka chiganizo: kusiyanitsa za dzulo, za lero ndi za mawa, chimodzi ndi zambiri, ndi kufunsa funso moyenera.

Kugawa chonchi kumathandiza chifukwa mawu oti "sadziwa Chingerezi" sauza munthu chochita. Mwana wina amamva zonse koma mawu samutuluka. Wina mawu ali nawo ambiri koma amawasanja mwa Chichewa. Awiriwa safuna thandizo lofanana. Pamwamba pa zisanuzi pali funso lalikulu: kodi zimene mwanayu amafuna kunena zamveka? Ngati zamveka, wayankhula, ngakhale galamala itapunthwa kawiri.

Mwana wanga amasokoneza "l" ndi "r". Kodi ameneyu walephera?

Ayi. M'Chichewa kusinthanitsa malembo awiriwa sikusintha tanthauzo, ndiye khutu la mwana silinazolowere kuwasiyanitsa. Chichewa chilinso ndi mavawelo asanu okha, pamene Chingerezi chili ndi oposa khumi, n'chifukwa chake "ship" ndi "sheep" zimamveka chimodzimodzi kwa iye. Mawu athu amathera pa vawelo, ndiye amaonjezera "i" kapena "u" kumapeto kwa mawu a Chingerezi. Komanso ife timangoti "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, choncho kusokoneza "he" ndi "she" kumatenga nthawi kuti kuthe. Zonsezi ndi zizindikiro za mwana amene ali kale ndi chiyankhulo chake chokhazikika, ndipo akumanga china pamwamba pake.

Muyeso wa katchulidwe ukhale umodzi: kodi womvera wamva popanda kuvutika? Pamene kusokoneza kukusintha tanthauzo, monga "pray" ndi "play" kapena "right" ndi "light", mphunzitsi alembe ndi kukonza phunziro lake. Pamene sikukusintha kanthu, apitirire. Chingerezi chimayankhulidwa mosiyanasiyana ku Lagos, ku Delhi, ku Glasgow ndi ku Johannesburg, ndipo onsewo amamvana. Kupereka malikisi ambiri kwa mwana chifukwa choti akuyankhulira m'mphuno ngati wa pa kanema ndi kulanga mwana wa kumudzi chifukwa cha kumene anabadwira.

Kuyesako kuchitike motani? Mwana angofunsidwa mafunso?

Mafunso okha sakwanira, makamaka amene yankho lake ndi "yes" kapena "no". Mwana apatsidwe ntchito yoti aichite ndi pakamwa, yolingana ndi msinkhu wake.

Mu Sitandade 1 ndi 2, yambani ndi kumva. Muuzeni m'Chingerezi kuti atole mwala auike pansi pa mpando, kapena apatse mnzake choko. Akachita, wamva. Kenako atchule zinthu zimene mwanyamula, anene dzina lake, kumene amakhala ndi chimene amakonda kudya.

Mu Sitandade 3 ndi 4, gwiritsani ntchito chithunzi. Afotokoze zimene akuona, amene ali pachithunzipo akuchita chiyani, ndi chimene akuganiza kuti chichitika. Mukhozanso kumufotokozera kankhani kafupi kuti akabwereze m'mawu ake. Sewero la wogula ndi wogulitsa limathandiza kuona ngati akutha kufunsa, chifukwa ana ambiri amazolowera kuyankha kokha.

Kuyambira Sitandade 5, afotokoze ndondomeko ndi zifukwa: momwe amaphikira nsima kuyambira kutereka madzi mpaka kuomola, njira yochokera kusukulu kukafika kusiteshoni ya sitima, chifukwa chake mitengo ikutha m'mapiri, kapena zimene waphunzira mu sayansi sabata imeneyo. Apa ndi pamene mumamvera ngati ali ndi mawu olumikizira monga "because", "first" ndi "then", omwe ndi msana wa Chingerezi chophunzirira.

Nkhani zake zikhale za moyo umene mwana akuudziwa: njinga ya kabaza, thumba la makala, nandolo m'munda, mzere wa phala kusukulu. Mukamufunsa za chipale chofewa kapena za kunyanja kumene sanafikeko, mukuyesa maulendo amene wayenda, osati chiyankhulo. Mfundo ya TALULAR, yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pafupi, imene aphunzitsi amaphunzira ku makoleji monga la Blantyre ndi la DAPP ku Chilangoma, imagwiranso ntchito poyesa.

Zonsezi n'zabwino, koma ine ndili ndi ana 90 m'kalasi. Nthawi ndiipeza kuti?

Funso limeneli n'loona. Chiyambireni maphunziro aulere a ku pulayimale mu 1994, makalasi oyambirira akhala odzaza kupitirira muyeso wa boma wa ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Tiyeni tiwerengere. Ana 90, aliyense mphindi 3, ndi mphindi 270, omwe ndi maola anayi ndi theka. Patsiku limodzi sizingatheke. Koma mukamamva ana asanu patsiku, ndi mphindi 15 zokha, ndipo m'masiku 18 a sukulu mwamaliza kalasi yonse. Ndiye kuti m'teremu imodzi mwana aliyense akhoza kumvedwa kawiri.

Mphindi 15 zimenezi zikhoza kupezeka pamene ena akulemba ntchito ya pabolodi. Njira ina ndi kuyesa ana awiriawiri: apatseni zithunzi ziwiri zosiyana pang'ono kuti apeze kusiyanako pofunsana, inu muli pambali ndi kope. Mwamva awiri nthawi imodzi, ndipo ana amamasuka kwambiri kwa mnzawo kusiyana ndi kwa wamkulu. Pa sukulu pamene pali aphunzitsi awiri m'kalasi imodzi, kapena pali ophunzira uphunzitsi, wina aphunzitse wina aziyesa pakhonde.

Chofunika ndi kutsata kaundula wa mayina, osati manja okwezedwa. Mukatsata manja mudzamva ana khumi omwewo chaka chonse.

Malikisi a pakamwa satsalira papepala. Tingapewe bwanji kukondera?

Choyamba, lembani muyeso musanayambe kuyesa. Aphunzitsi akudziwa kale magawo anayi a PCAR, kuyambira 4 wochita bwino kwambiri mpaka 1 wofunika thandizo. Chofunika ndi kulemba chimene gawo lililonse likutanthauza pa kuyankhula. Mwachitsanzo, mu Sitandade 4 pofotokoza chithunzi: 1 ndi amene akungoloza kapena kutchula liwu limodzilimodzi, 2 ndi amene akunena timagulu ta mawu akathandizidwa, 3 ndi amene akunena ziganizo zathunthu zomveka ngakhale zili ndi zolakwika, 4 ndi amene akulumikiza ziganizo, kupereka chifukwa ndi kuyankha funso losayembekezera.

Chachiwiri, ana onse apatsidwe ntchito yolemera mofanana, nthawi yofanana ndi thandizo lofanana. Ngati funso mwabwereza kawiri kwa mmodzi, wina musamumane. Chachitatu, lembani pomwepo, ndipo pambali pa nambala lembani chiganizo chimodzi chimene mwana wanena momwe wachinenera. Chiganizo chimenecho ndi umboni wanu pamaso pa kholo, ndipo teremu ikubwerayo mudzakhala ndi pofananitsira.

Chachinayi, aphunzitsi aziyesana okha. Pa msonkhano wa zoni ku malo osulira aphunzitsi (TDC), mlangizi wa sukulu za pulayimale akhoza kubweretsa mawu a ana angapo ojambulidwa pa foni, makolo awo atavomereza ndipo mayina atabisidwa, kuti aliyense apereke malikisi payekha kenako akambirane. Mudzaona wina wapereka 2 pamene mnzake wapereka 4 kwa mwana yemweyo. Kukambirana kusiyana kumeneko ndi kumene kumawongola muyeso. Mutu umodzi susenza denga.

Mwana wanga kunyumba ndi wolongolola, koma pamaso pa aphunzitsi amangozyolika. Ayesedwa bwanji?

Kwathu kuno mwana woleredwa bwino sayang'ana wamkulu m'maso, sayankha mokweza, ndipo sachulutsa mawu. Atsikana amaphunzitsidwa zimenezi kwambiri. Woyesa wosasamala akhoza kutenga ulemu ngati umbuli. Choncho kuyang'ana m'maso ndi kukweza mawu zisalowe m'malikisi. Mwana wotere asaimiritsidwe kutsogolo kwa kalasi kumene anzake akudikira kuti aseke. Mphunzitsi akhale naye pansi, ayambe ndi funso losavuta, ndipo akafunsa adikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri timafunsa n'kuthamangira kwa wina mwana akadali kusanja yankho m'mutu.

Dziwaninso kuti ana ambiri oyamba chiyankhulo chatsopano amakhala chete kwa kanthawi, akusonkhanitsa mawu m'khutu. Ameneyu muyeseni pomutuma zochita, osati pomukakamiza kunena.

Pali chinthu chimodzi chofunika kwambiri: mwana akalephera ntchito m'Chingerezi, mupatseni ntchito yomweyo m'Chichewa. Akaifotokoza bwinobwino, vuto ndi Chingerezi chokha. Akavutikanso m'Chichewa, ganizirani zina: mwina samva bwino chifukwa cha matenda a m'khutu, mwina ali ndi chibwibwi, mwina wabwera ndi njala kapena pali chomusautsa kunyumba. Wotereyu sakufunika Chingerezi choonjezera. Akufunika kuonedwa kuchipatala kapena ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera.

Nanga akasakaniza ndi Chichewa? Sukulu zina zimalanga oyankhula Chichewa kuti Chingerezi chigwire.

Mwana akanena chiganizo cha Chingerezi n'kuikamo liwu limodzi la Chichewa, wakuonetsani zinthu ziwiri: chiganizo akutha kuchimanga, ndipo liwu limene likumusowa ndi ilo. Lembani liwulo, mudzaliphunzitse. Ameneyu ali patsogolo pa amene wangokhala chete poopa kulakwa.

Chilango chimabala ana osayankhula, ndipo mwana wosayankhula simungamuyese. Maganizo oti Chichewa chimatsekereza Chingerezi sagwirizananso ndi zimene ofufuza anapeza kuno komwe. M'zaka za m'ma 1990, Eddie Williams anafananitsa ana a ku Malawi, omwe ankayamba sukulu m'Chichewa, ndi a ku Zambia, omwe ankayamba m'Chingerezi kuchokera m'kalasi yoyamba. Pa kuwerenga Chingerezi, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Pa kuwerenga chiyankhulo chawo, a ku Malawi anaposa kutali. Zaka zinayi za Chichewa sizinawabere Chingerezi. Sukulu ikhoza kukhala ndi nthawi yoyankhula Chingerezi chokha, ya masewero, mitsutso ndi nyimbo, koma ikhale nthawi yokopa ana, osati msampha wogwirira olakwa.

Mayiko ena amachita bwanji, ndipo tingatengereko chiyani?

M'zigawo zambiri za ku America, ana amene Chingerezi si chiyankhulo chawo amayesedwa chaka chilichonse ndi mayeso a ACCESS a bungwe la WIDA, ndipo kuyankhula kuli ndi gawo lakelake. Mayeso a ana a Cambridge, otchedwa Starters, Movers ndi Flyers, amakhazika mwana ndi woyesa kwa mphindi zochepa ali ndi zithunzi, ndipo palibe wolephera: aliyense amalandira satifiketi yoonetsa pamene wafika. Ku Ulaya, muyeso wa CEFR wa mu 2001 umagawa luso m'makwerero 6, kuyambira A1 mpaka C2, ndipo khwerero lililonse limafotokoza zimene munthu angathe kuchita.

Makompyuta ndi ndalama zawo tilibe, koma nzeru zake n'zaulere: yesani mwana payekha, gwiritsani ntchito zithunzi ndi zinthu zogwirika, fotokozani zimene akutha osati zimene akulephera, ndipo bwerezani kuti muone ngati akukwera.

Ine Chingerezi sindichidziwa. Ndingathandize chiyani ngati kholo?

Zambiri. Mukapita kukatenga lipoti, musangoyang'ana nambala imene mwana wakhala m'kalasi. Funsani kuti, "Aphunzitsi, mwanayu munamumvapo akuyankhula yekha? Akutha kunena chiyani, nanga chikumuvuta n'chiyani?" Makolo akamafunsa funso limeneli, kudzera m'komiti ya sukulu, bungwe la makolo ndi aphunzitsi (PTA) ndi gulu la amayi, sukulu imayamba kulikonzekera.

Kunyumba, muuzeni mwana akufotokozereni m'Chichewa zimene waphunzira m'Chingerezi. Akatha, ndiye kuti wamva. Mulekeni aphunzitse mng'ono wake mawu atsopano, ndipo musamuseke kapena kulola ena kumunena kuti akudzionetsera. Wailesi ikamaulutsa nkhani m'Chingerezi, amvere akuuzeni chimene watolapo. Ndipo musaleke kumuimbira nthano, kumuponyera zilapi ndi kumufunsa maganizo ake. Mwana wodziwa kuyala nkhani kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto m'Chichewa, ndi kupereka chifukwa cha zimene wanena, amasamuka nalo luso limenelo polowa m'Chingerezi.

Tikayesa, zotsatirazo tichite nazo chiyani?

Kuyesa kuyankhula kukhale ngati kupita ndi mwana kusikelo. Kumeneko palibe mwana wolephera. Amamuyeza, amalemba m'buku, mwezi wotsatira amaona ngati mzere ukukwera, ndipo ukaima amafufuza chifukwa chake msanga. Zotsatira za kuyankhula zisakhale chifukwa chobwerezetsa mwana kalasi, kapena chowerengera mayina pa asembule kuti ena achite manyazi.

Ntchito yake ndi kusintha zochitika m'kalasi sabata yotsatira. Ngati ana ambiri akulephera kukamba za dzulo, Lolemba lililonse liyambe ndi awiriawiri kufotokozerana zimene anachita Loweruka. Ngati ambiri sakutha kufunsa, iwo ndiwo azifunsa mphunzitsi. Amene ali pa gawo 1 akhale pafupi ndi mphunzitsi ndipo amvedwe kawirikawiri kuposa anzawo. Kumapeto kwa chaka, kope la zotsatira liperekedwe kwa mphunzitsi wa kalasi yotsatira, makamaka kuchoka mu Sitandade 4 kupita mu 5, kuti asayambe ndi kulota.

Palibe chofunika kudikira pano. Sizifuna lamulo latsopano, thandizo la kunja kapena kusintha kwa mayeso a MANEB. Zikufuna mphunzitsi wamkulu woika mphindi 15 pa ndandanda ya tsiku, mlangizi wa zoni wofunsa za kope la kuyankhula akabwera kudzayendera, ndi makolo ofuna kudziwa. Sukulu iliyonse ya ku Lirangwe, Mdeka, Lunzu ndi Chileka ikhoza kudziikira cholinga ichi teremu ino: pasapezeke mwana wotseka sukulu mphunzitsi wake asanamumvepo akunena maganizo ake m'Chingerezi, ndi kulemba pamene wafika.